Kamera ya Laxon ndi Mpweya wa ku Wekishopu

Pakomboni, Beatrice
3 Sepitembala

Okondedwa achimwene Custodio,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga a Cátia? Nanga mwana wanu Believe chifuwa chija chinamusiya? Kuno kudzuka tikudzuka. Mwana wanga Tafadzwa wandipitirira kale msinkhu, ndipo nsapato munamutumizira zija zayamba kumuluma. Ine ndi msana womwe uja wa kushedi, koma fodya wa chaka chino tatsala pang'ono kumaliza kusankha.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati masiku a bambo. Foni yanga ndimakatchajitsa kugolosale, ndipo kumeneko imawerengedwa kuposa nyuzipepala. Nkhani iyi siyofuna maso ambiri. Mukawerenga muing'ambe.

M'katoni mwapeza kalatayi muli kamera ya malemu alamu anu, Laxon. Ndaikulunga m'thaulo ndi m'juzi lakale la Tafadzwa. Yafa. Woipha ndine, ngakhale dzanja linali la wina. Ndikuuzani zonse kuyambira pachiyambi, chifukwa munthu sungapite kwa dokotala n'kukabisa chilonda.

Mukukumbukira kuti pamaliro chaka chatha munanyamuka katundu asanagawidwe, poti kuntchito sanakupatseni masiku. Mutandiimbira ndinakuuzani kuti zonse zinayenda bwino. Ndinanama.

Anayala mphasa panja, a tete Tereza, alongo awo a bambo ake a Laxon, n'kukhala pakati ngati woweruza. Malaya anapita, nsapato zinapita, njinga inapita. Sindinadandaule, chifukwa ndiwo mwambo wake, ndipo malaya a mwamuna ine ndikanatani nawo. Koma atangotulutsa chikwama cha kamera, Lovejoy, mng'ono wake wa Laxon, anadzuka dzina lake lisanatchulidwe n'kuchikoleka m'khosi.

Ndinalankhula, achimwene, ngakhale mkazi wamasiye amayenera kukhala chete. Ndinati kamerayo ndi imene imadyetsa Tafadzwa. Ndinati zaka ziwiri zomaliza, chifuwa chitamugwira Laxon, wojambula m'maukwati ndi kusukulu ndinali ine, ndipo komboni yonse ikudziwa. A tete anayankha kuti chida cha mwamuna chimapita kwa mwamuna, ndipo mkazi wamasiye sayenda m'maukwati ndi chikamera m'khosi ngati mtolankhani. Lovejoy anawonjezera kuti maiguru, ndiko kuti ine mkazi wa mkulu wake, ali ndi manja abwino osankhira fodya, asawawononge. Anthu anaseka.

Chinthu chimodzi chokha anandisiyira. M'chikwamamo munali kampira kakuda kokhala ndi kamlomo kosongoka, kopopera fumbi. A tete anakatola, n'kukafinya, n'kukaponya msanga pamphasa. Anati aka ndi kotsukira mwana m'mimba, ndipo anadabwa kuti mkazi wa ulemu angasunge chinthu chotere m'chikwama cha mwamuna wake. Anandikankhira ndi phazi. Ine ndinakalandira ndi manja awiri, ndipo ndinathokoza.

Kampira kameneko ndiko kanali moyo wa kamera. Inu mumakonza mafoni, mundimvetsa. Kuno fumbi silisowa: la fodya, la msewu, la mathalakitala. Laxon anandiphunzitsa kuisamala kuyambira chaka chimene anaigula. Ukabwera kojambula umatseka chitseko ndi zenera, umasamba m'manja, umayala nsalu yoyera patebulo. Galasi la kutsogolo sulipukuta usanalipope, chifukwa kamchenga kamodzi ukakapukuta kamasiya mzere wosachoka. Ukatero umachotsa lenzi, kamera umaizondotsa kuti kukamwa kuyang'ane pansi, umatsegula kachitseko ka m'kati kuti sensa ioneke, kagalasi kaja kamene kamagwira chithunzi. Kampira umayamba wakafinyira pambali kawiri, kenako umapopa pang'onopang'ono, kamlomo osakhudza kanthu. Ukamaliza umajambula khoma loyera kuti uone ngati madontho atha.

Ankati pakamwa ayi, chifukwa mpweya wa munthu umabwera ndi malovu. Chitini cha mpweya chogula m'tauni ankachikananso, akuti ukachipendeketsa chimalavula madzi ozizira. Ndipo tsiku lina ananditenga mpaka kuwekishopu ya pafamu, n'kutenga pepala loyera, n'kulipopa ndi payipi ya kompulesa yopopera matayala. Pepala linatuluka ndi timadontho tofiirira ta dzimbiri ndi oyilo. Anandiuza kuti ndione ndi maso anga, ndisadzayerekeze. Ndinasunga phunzirolo, achimwene. Ndinalisunga bwino kwambiri.

Patatha sabata chigawireni katundu ndinapita kwa Lovejoy. Sindinapite kukalimbana naye. Ndinangopempha zithunzi zimene zinali m'kakhadi ka kamera, chifukwa mmenemo munali zomaliza za Laxon: ali pakhonde ndi Tafadzwa tsiku la mphoto kusukulu, ndi china akuseka atavala chipewa changa. Ndinali ndisanazitsukitse, poti matenda sanatipatse mpata.

Lovejoy anandiyankha ali chikhalire, akutokosa m'mano. Anati khadi linadzaza, ndiye anafufuta zonse kuti apeze malo ojambulira mpira wa anyamata. Anati zithunzi za munthu wodwala n'zosungiranji.

Tsiku limenelo sindinalire. Ndinabwerera kunyumba n'kuchapa zovala zochapa kale. Koma kuyambira pamenepo ndinamuda munthu ameneyu, ndipo sindikuchita manyazi kulemba mawu amenewa. Ndinkamuda ndikudzuka, ndinkamuda ndikusankha fodya, ngakhale m'tchalitchi ndinkamuda.

Chaka chathunthu ndamuonerera. Kamera imalendewera pamimba pake yopanda chivundikiro, iye ali pamwamba pa ngolo ya thalakitala. Lenzi amasinthira panja, mphepo ikuomba. Galasi amaliuzira ndi pakamwa atangodya maputi, chimanga chokazinga chija, n'kulipukuta ndi malaya. Zithunzi zake anthu amatuluka opanda mitu, ena opanda miyendo, koma poti pamafamu atatu ano kamera ndi imodzi yomweyo, anthu ankangopirira. Iye n'kumadzitcha dayirekita.

Mphepo ya Ogasiti itayamba, fumbi linadzaza pa sensa. Chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi madontho akuda pamalo amodzimodzi. Amayi a chigwirizano atajambulitsa ndi mabulauzi awo oyera, anatuluka ngati agona m'khola la nkhuku. Abusa dontho linawakhala pamphumi penipeni, moti akazi awo anayesa kulikanda ndi chikhadabo poganiza kuti ndi ntchentche. Ine ndinkadziwa kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Kampira kanali m'sutikesi mwanga, ndipo ndinakasiya momwemo.

Ndiye kunabwera ukwati. A Saidi mukuwakumbukira, makaniko wa kuwekishopu, Msilamu wamtali uja amene anatinyamulira bokosi la maliro pa lole. Mwana wawo wamkazi, Amira, amakwatiwa ndi mnyamata wa ku Shamva. Anapempha Lovejoy kuti adzajambule, koma anamuchenjeza kuti madontho aja asadzaoneke pa diresi la mwana wawo.

Lachinayi masana, nditaweruka, ndinapeza Lovejoy ataima pakhomo panga. Chaka chonse anali asanapondepo. Sanafunse za Tafadzwa, sanafunse ngati tadya. Anayamba ndi kuzungulira, akuti kamera yakalamba, akuti mukoma, mkulu wakeyo, anaisiya ndi matenda. Kenako, akuyang'ana kumbali, anafunsa kuti kodi malemu madontho ankawachotsa bwanji.

Achimwene, apa ndinaona mpata wanga. Ndinamupatsa mpando. Ndinamupatsanso madzi akumwa.

Ndinamuuza kuti malemu ankapopa ndi mpweya, ndipo apo sindinaname. Anafunsa kuti mpweya wake uti. Ndinamufunsa kuti kodi pafamu pano mpweya wamphamvu umapezeka kuti, n'kuloza ndi mlomo cha kuwekishopu. Nkhope yake inawala. Anati iye ankaganizanso zomwezo, anangofuna kumva ngati ine ndikudziwa.

Muyenera kumvetsa kuti kuno kompulesa ija ndi sing'anga wa chilichonse. Wayilesi ikayamba kukhosomola amaipititsa kumeneko. Foni, sipika, makina ometera, zonse amakapopa. Anyamata akaweruka amapopa maovolosi ndi tsitsi lomwe. Ndiye kwa Lovejoy malangizo anga anali omveka ngati kuuza munthu waludzu kuti apite kumpopi.

Sindinalekere pomwepo. Ndinamuonetsa mochotsera lenzi ndi motsegulira kachitseko ka m'kati kuti kakhale chitsegukire. Ndinamuuza kuti payipi ailowetse pafupi, chifukwa fumbi la fodya ndi louma mutu. Ndinamuuzanso kuti apite Lachisanu masana, a Saidi akapita kumzikiti, poti iwo ndi ovuta ndi kompulesa yawo. Chimene sindinamuuze n'chakuti a Saidi amakhetsa madzi a m'thanki ya kompulesa Lolemba m'mawa, ndiye pofika Lachisanu mimba ya kompulesa imakhala itadzaza dzimbiri ndi oyilo. Ndiponso akanakhalapo akanamuletsa.

Pochoka sanathokoze. Anangoti ndisauze munthu kuti anabwera kudzafunsa kwa mkazi. Ndinamulonjeza kuti pakamwa panga ndatseka.

Shedi yathu yosankhira fodya ili moyang'anizana ndi wekishopu. Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro anzanga anapita pamthunzi, ine ndinakhala pakhomo la shedi ndi mbatata yanga. Ndinaona a Saidi akutuluka atavala mkanjo woyera. Pasanathe nthawi ndinaona Lovejoy akulowa, akuyenda ngati mwini famu.

Anayatsa kompulesa n'kuidikira kuti ikhute. Anachotsa lenzi n'kuiika pa tayala. Kamera anaigwira chagada, kukamwa kuyang'ana kumwamba, n'kulowetsa payipi. Kulira kwake ndinakumva ndili pomwe ndinakhala. Iye anadzidzimuka, n'kusuzumira m'kati, n'kupopanso. Anapopa katatu. Kenako anakulunga chala ndi nsonga ya malaya, n'kuchipisa m'kati, n'kumapukuta ngati akutsuka kapu. Lenzi nayo anaipopa mbali zonse ziwiri.

Panali mapazi makumi atatu okha pakati pa iye ndi ine. Ndikanakuwa akanamva. Pamene ankapisa chala chija ndinamva ngati akuchipisa m'diso langa, chifukwa kamera imeneyo ndinaisamala zaka zisanu ndi zitatu ngati mwana. Koma ndinakumbukira mmene ankatokosera m'mano tsiku lija, ndipo ndinamaliza mbatata yanga mpaka kumchira.

Akuti safunsa anadya phula. Uyu anafunsa, koma analidyabe.

Loweruka ine ndinali kumoto ndi amayi anzanga, tikuphika mpunga wa paukwati. Kunabwera anthu ambiri, a ku Shamva pa makombi awiri, ena a ku Harare. Amayi awo a a Saidi, nkhalamba yosayenda, anakawatenga ku Arcturus pa galimoto, n'kuwatsitsa atawanyamula pampando. Akuti anakana kufa asanaone mdzukulu wawo atavala diresi.

Lovejoy anafika ndi suti ya Laxon, manja ake akumulekeza pamwamba pa wotchi. Kamera inajambula kakhumi, kenako inauma. Ine kulira kwake ndimakudziwa ngakhale pali phokoso, ndiye ndinazindikira nthawi yomweyo kuti yasiya. Ndinamuona akuizimitsa, akuiyatsa, akuchotsa batire, akuigogoda pachikhatho. Thukuta linali kamukamu.

Munthu wanzeru akanapita kwa a Saidi n'kunena zoona, anthu akanatulutsa mafoni awo. Koma Lovejoy ndi Lovejoy. Anapitiriza kujambula ndi kamera yakufa tsiku lonse. Ankagwada, ankakwera pampando, ankasuntha anthu kuti awa apite uku, aatali kumbuyo. Nyimbo za amayi zinkabisa kuti palibe chikulira. Anyamata ofuna kujambula ndi mafoni ankawathamangitsa, akuti akumuonongera kuwala, ndipo a Saidi anamuthandiza kuwaletsa. Agogo aja anawanyamula ndi mpando wawo katatu konse kuti awaike pakati pa akwati.

Zinaululika chakumadzulo, dzuwa likadalipo. Mchemwali wake wa mkwati, mayi wa ku Shamva wosaopa munthu, anati akufuna aone mmene watulukira. Lovejoy anati batire yatsika. Mayiyo anagwira lamba wa kamera n'kukoka, Lovejoy n'kubwera nayo pamodzi. Anayatsa. Zithunzi khumi zija zinali ngati wajambulira m'kati mwa chiwaya cha mafuta, munthu osamuzindikira, ndipo pambuyo pake panalibe kanthu.

Sindinaonepo munthu akuchepa chotero. Amayi a ku Shamva anamuzungulira, akumufunsa m'Chishona kuti tsiku lonseli amawagwaditsa chifukwa chiyani. Wina anamuvula tayi. Iye anatulukira kuseri kwa mabani a fodya, nsapato imodzi ili m'manja. Pofika Lamlungu ana anali atapeka kale nyimbo ya dayirekita wojambula mphepo.

Ndinaseka, achimwene. Ndinalowa kuseri kwa kitchini n'kuseka mpaka misozi, chipande chili m'manja. Chaka chonse ndinali ndisanagone tulo tokoma ngati ta tsiku limenelo, ndipo ngati mukudikira kuti ndilembe kuti ndikumumvera chisoni, mudikira mpaka kalekale.

Pali malo amodzi okha pamene pandiwawa. Lolemba a Saidi anabwera pakhomo la shedi n'kundiitana pambali. Sanakalipe. Anati Lachisanu anapeza payipi yawo itakolekedwa mosiyana ndi mmene amaikolekera, ndipo anamva amene anaigwira. Anati mpweya wa kompulesa yawo amaudziwa. Kenako anati malemu Laxon anawauzapo kuti kamera ija mkazi wake amaidziwa kuposa iye mwini, ndiye akudabwa kuti munthu wokhala pakhomo la shedi sanaone kanthu.

Ndinayang'ana pansi. Iwo anangowonjezera kuti amayi awo ulendo wa ku Beatrice sadzauyendanso, n'kubwerera kuntchito yawo. Mpaka lero sanauze munthu, koma moni wawo wafupika. Amira sanandilakwire kanthu, ndipo ndinamuphikira mpunga ndikudziwa chimene chikubwera. Ichi ndiye ndichisenza ndekha.

Tsono mverani mmene zinatembenukira. Lovejoy anathamangira kwa a tete Tereza kukanena kuti ine ndi amene ndinamutuma kukompulesa. Ndinaganiza kuti basi zanga zada. Koma a tete anamukalipira iyeyo. Anati wayilesi yawo yakhala ikupopedwa pa kompulesa yomweyo zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sinafe, ndiye mpweya ungaphe bwanji kamera. Anati chinthu chimene chagwira ntchito zaka zonsezi sichingaume pakati pa ukwati popanda chifukwa. Anagona nazo masiku awiri, n'kudzuka ndi yankho lakuti Laxon wakana. Akuti mwini wake sanakondwe ndi mmene katundu anagawidwira.

Lamlungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, anabwera kwanga ndi nkhuku yoyera ndi chikwama cha kamera. Anthu a mumzere wathu onse anatuluka panja kudzaonerera. A tete anamuuza Lovejoy kuti anjute. Ananjuta pafumbi, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti maiguru, ndakatadza, ndiko kuti ndinalakwa. Mawu anali otsika, a tete n'kumuuza kuti abwereze anthu amve. Anabwereza.

Ndinamusiya ali chinjutire kanthawi ndithu. Ndinayamba ndafunsa a tete za miyendo yawo, ndi za mvula ngati ibwere msanga chaka chino. Kenako ndinalandira chikwama. Nkhuku tinadya tsiku lomwelo ndi Tafadzwa, ndipo inali yonona.

Koma a tete si munthu wopereka chinthu ndi manja onse awiri. Asananyamuke ananena mawu pamaso pa anthu onse aja. Anati chiliza cha Laxon tivundukula Loweruka lomaliza la Okutobala, poti Novembala kuno sachitira miyambo. Anati tsiku limenelo wojambula ndidzakhala ine, ndi kamera yomweyi. Ikadzalira m'manja mwanga, onse adzadziwa kuti malemu anafuna ine, ndipo palibe adzandivutitsenso. Koma ikadzandikana inenso, ndiye kuti malemu ali nane mawu, ndipo banja lidzakhala pansi kufunsa bwino za mmene mwana wawo anafera.

Mawu amenewa si atsopano. Pamaliro pomwe ena ankanong'ona kuti chifuwa chanji chosamva mankhwala, ndipo mkazi anayamba kugwira kamera mwini wake ali moyo ngati akudziwa kanthu. Inu mukudziwa mmene ndinamusamalira Laxon, mpaka kumubereka kumsana kukakwera kombi ya kuchipatala. Koma pakomboni mbiri yotere ikakumata sichoka. Adzanditenga ngati mfiti, adzatenga Tafadzwa kuti akakhale kwa a tete, ndipo Lovejoy adzakhala woyamba kunena kuti ankadziwa kale.

Ndiye mwaona, achimwene. Ndinakumba dzenje, nyama inagwamo, koma mwendo wanga umodzi ulinso momwemo.

Anthu atabalalika ndinatseka chitseko ndi zenera, ndinasamba m'manja, ndinayala nsalu yoyera. Nditachotsa lenzi fungo la wekishopu linandilandira. Kalilole wamng'ono wa m'kati wapendekeka. Kachitseko kapindika ngati chitini chopondedwa, ndipo kuseri kwake sensa yamatidwa oyilo, ndi mizere iwiri ya chala chija. Ndinatenga kampira kanga n'kupopa, ngakhale ndinkadziwa kuti oyilo sachoka ndi mpweya. Apo ndiye ndinalira, koyamba chimwalirireni mwini wake.

A tete ndawauza kuti kamera iyenera kupuma m'sutikesi, yokulungidwa m'malaya a malemu, osaitsegula mpaka tsiku la chiliza. Anagwedeza mutu, akuti ndayamba kuganiza ngati munthu wamkulu. M'sutikesimo muli njerwa theka. Kamera ndi iyo ili m'manja mwanuyo, ndaipatsira kondakitala wa basi amene mumatumizira katundu uja, pamsewu waukulu, anthu ali kuntchito.

Pempho langa ndi ili. Inu muli pakati pa anthu odziwa zinthu zimenezi. Ipititseni kwa wokonza makamera weniweni, osati wa pakona. Mumuuze zoona, kuti inapopedwa ndi kompulesa ya matayala n'kupukutidwa ndi malaya, asataye nthawi kufufuza. Akaseka musiyeni aseke. Lenzi aionenso, chifukwa fumbi linakankhidwira m'kati mwake. M'thumba la juzi ndaikamo ndalama zonse zimene ndinali nazo.

Akakuuzani kuti singakonzeke, musandiimbire foni kuti mundipepese. Mufune ina yofanana nayo ndendende, yogwiritsidwapo kale ntchito, nambala yake ili kutsogoloko. Muchotse lamba wa iyi mumangirire pa iyo. Pansi pake, pakachitseko ka batire, mumate tepi yakuda monga mmene zililimu. Pakona ya kumanzere pali pamene panakalika Laxon atagwa nayo panjinga, ndiye mutenge fayilo mukande chimodzimodzi, muike ziwirizo pamodzi mufananize. A tete maso awo ndi ofooka, koma Lovejoy waigwira chaka chathunthu ndipo adzaiyang'anitsitsa. Yakaleyo musataye, mudzandisungire.

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Mukuti mlongo wanu akufuna kukanama pamanda a mwamuna wake, pamaso pa abusa ndi banja lonse. Inde, ndi zomwezo. Iwo anayamba kumuika mawu m'kamwa munthu wakufa, ine ndikungomaliza. Ngati Laxon akwiye, adzakwiyira kompulesa ija osati bodzali, ndipo tidzakambirana ndikadzamupeza. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pa Khirisimasi, ndidzakhala pansi n'kumvetsera. Panopa ndithandizeni kaye, chifukwa wina woti ndimuuze zimenezi ndilibe.

Ifike kuno pasanafike pa 20 Okutobala, kuti ndidzaiyese kaye pakhoma. Kondakitala mumuuze kuti asadzapereke kwa wina aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wachibale. Makamaka akanena kuti ndi wachibale.

Ikabwera, ndidzapita kwa a Saidi kukapempha kuti Amira adzavalenso diresi lake, ndipo ndidzakwera nawo kombi mpaka ku Arcturus ngati agogo aja adzakhale akadalipo. Akadzandikaniza ndidzamvetsa. Koma zimenezo ndi zapambuyo. Choyamba ndi tsiku la chiliza. Ndikufuna a tete adzakhale kutsogolo pamene angamve bwino ikamalira. Ndipo chithunzi choyamba sichidzakhala cha mwala. Ndidzaitana Lovejoy pamaso pa anthu onse, ndidzamuimika pambali pa dzina la mkulu wake, ndipo sindidzadina mpaka atamwetulira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Cátia, koma nkhaniyi muwauze theka lokha. Believe mumuuze kuti azakhali ake akumukumbuka, azivala juzi. Tafadzwa akupereka moni kwa amalume ake. Iye akudziwa kuti kamera ili m'sutikesi, ndipo zikhale choncho. Mulungu akusungeni pantchito ndi m'misewu ya kumeneko, akupatseni maso abwino posankha.

Ndine mlongo wanu,
Anesi